Zipatala za Boma mu Lilongwe ndi Kumene Ndalama Zake Zakhala Zikuchokera

Chipatala cha Bwaila, chimene chili ku tawuni yakale ya Lilongwe pafupi ndi msika waukulu ndi depoti ya mabasi, ndicho chotsalira choonekeratu cha mmene boma la atsamunda linkayendetsera zaumoyo. Pa nthawiyo tawuniyi inali ndi zipatala ziwiri za boma, cha Azungu chotchedwa Top Hospital ndi cha anthu akuda chotchedwa Bottom Hospital, ndipo chachiwirichi ndicho Bwaila wa lero, ngakhale kuti akuluakulu ambiri amangochitchulabe kuti ku Bottom. Boma la Nyasaland linayamba ntchito ya zachipatala pofuna kusamalira antchito ake ndi asilikali, kotero anthu a m'midzi yozungulira ankadalira asing'anga ndi mamishoni monga Nkhoma, ya mpingo wa Dutch Reformed, ndi Likuni, ya Akatolika, kumenenso wodwala ankapereka kangachepe. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, zaumoyo zinkalamulidwa kuchokera ku Salisbury, likulu la chitaganyacho, ndipo chipatala chachikulu chimene chinamangidwa, cha Queen Elizabeth, chinapita ku Blantyre mu 1958, chigawo chapakati n'kutsala chopanda chofanana nacho.

Funso loti alipire ndani linabuka dziko litangolandira ufulu. Mu 1964 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalamula kuti wodwala aliyense azilipira tiki, ndiye kuti mapeni atatu, pa chipatala cha boma, ndipo lamuloli linali limodzi mwa madandaulo amene nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Henry Chipembere zinasemphana nawo ndi mtsogoleriyo chaka chomwecho. Ndunazo zinachoka m'boma, koma tiki nayo sinakhalitse, ndipo kuyambira pamenepo chithandizo chaulere m'zipatala za boma chinasanduka lonjezo limene andale a chipani chilichonse amaopa kulikhudza. Kumene ndalama zokwaniritsira lonjezolo zizichokera sikunakonzedwe bwino nthawi imeneyo, ndipo mbiri yonse yotsatira yakhala yofunafuna wolipira.

Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, Unduna wa Zaumoyo unakhazikika ku Capital Hill, ndipo mu 1977 kunatsegulidwa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Area 33, chomangidwa ndi thandizo la dziko la Denmark. Pa dongosolo la boma, zipatala zili pamagawo atatu: zazing'ono, monga za ku Kawale, Area 18 ndi Area 25, zimene zimalandira odwala koyamba, za maboma, zimene zimagoneka odwala ndi kuchita maopaleshoni wamba, ndi zikuluzikulu, zimene ziyenera kulandira okhawo amene atumizidwa ndi kalata. Mu Lilongwe dongosololi lakhala lopunduka chiyambire, chifukwa boma la anthu ochuluka chotere lilibe chipatala chapakati chokwanira. Bwaila, amene ali pansi pa ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, amadziwika kwambiri ndi uchembere, chifuwa chachikulu ndi odwala oyendera, motero matenda amene akanathera pa chipatala chapakati amakathera ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, kumene madokotala a ukatswiri amatanganidwa ndi malungo ndi chibayo.

Mamishoni sanachoke boma litakula. Mu 1966 zipatala zawo zinapanga bungwe limodzi, limene kuchokera mu 1992 limatchedwa Christian Health Association of Malawi kapena CHAM, ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemo. Zipatalazi zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko, makamaka kumidzi. Boma limalipira malipiro a antchito a zipatalazi, ndipo kuyambira mu 2006 makhonsolo akhala akusayinirana nazo mapangano oti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere, boma n'kubweza ndalamazo pambuyo pake. Kubwezako kukachedwa, monga zachitikira kangapo, mishoni imayambiranso kulipiritsa, ndipo mayi wa kumudzi amabwerera kukapanikizana ku Bwaila.

Mliri wa Edzi ndiwo unasintha kwambiri kayendetsedwe ka ndalama. Bungwe la National AIDS Commission linakhazikitsidwa mu 2001, chaka chomwe atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo, mlingo umene Malawi wakhala akulephera kuufikira zaka zambiri. Mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere ndi ndalama za Global Fund, ndipo chaka chomwecho boma ndi maiko opereka thandizo anagwirizana zoponya ndalama m'thumba limodzi loyendetsedwa ndi unduna, njira imene akuluakulu ankaitcha SWAp. Cholinga chinali chakuti m'malo moti dziko lililonse lizichita pulojekiti yake, onse azilipirira mndandanda umodzi wa chithandizo chofunikira, ndiye kuti matenda osankhidwa amene boma linalonjeza kuchiza ulere. Pa nthawi yomweyo malipiro a anamwino ndi madokotala anawonjezeredwa ndi 52 peresenti pofuna kuletsa kuti asamathawire ku Britain. Zaka zimenezi ndizo zimene unduna unali ndi mphamvu zenizeni pa ndalama za zaumoyo kuposa nthawi ina iliyonse.

Mphamvuzo zinagwa mu Seputembala 2013, pamene mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anaomberedwa pa geti la nyumba yake ku Area 43, ndipo kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, kumene kunatchedwa Cashgate, kunaululika. Opereka thandizo anasiya kudutsitsa ndalama zawo ku Treasury. Norway, Germany ndi Britain anatsegula thumba lina la Health Services Joint Fund lokhala ndi owerengera ake, ndipo ena anapitiriza kudzera m'mabungwe omwe si aboma. Popeza ndalama zoposa theka za zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja, zotsatira zake n'zakuti zambiri zimagamulidwa m'maofesi a akazembe ndi mabungwe a ku City Centre, pomwe lamulo la maboma aang'ono la 1998 linati mphamvu zipite kumakhonsolo. Mkulu wa zaumoyo wa boma ali ndi udindo waukulu koma ndalama zimene angazisankhire yekha ntchito n'zochepa, ndipo mankhwala amawaitanitsa ku Central Medical Stores Trust, bungwe limene nalo lakhala likudandaula ngongole zimene boma limachedwa kulipira. Pamene ku famase kwatha mankhwala, wodwala amapatsidwa kapepala koti akagule yekha, ndipo kulipira kumene kunakanidwa mu 1964 kumabwerera mwa njira imeneyi popanda lamulo lililonse.

Okhala ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kuphatikizapo ambiri mwa amene amalemba bajeti, sakumana kawirikawiri ndi kapepala kameneka. Iwo amapita kumakiliniki olipira monga a Adventist ku Area 14 ndi ABC ku Area 47, kapena ku Daeyang Luke, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2008 ndi thandizo la anthu a ku Korea, ndipo ambiri ali ndi inshuwalansi ya MASM imene owalemba ntchito amathandiza kulipira. Matenda akakula, ndege ya ku Johannesburg kapena ku India imakhala pafupi. Kusiyana kwa Top ndi Bottom kunatha pa nkhani ya khungu, koma mapulani a mzinda a m'ma 1960, amene anaika olemera pafupi ndi maofesi ndi osauka kutali nawo, anakusunga pa nkhani ya thumba. Chipatala cha Kamuzu nacho chili ndi mbali yolipira, imene boma limaiona ngati njira yopezera ndalama zapadera, ngakhale kuti zimene imabweretsa n'zochepa poyerekeza ndi zofunika.

Ndondomeko ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ikuyesa kubwezeretsa zimene zinatayika mu 2013, pofuna kuti boma ndi onse othandiza azitsata pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Isanafike patali, boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, ndipo antchito ambiri a zaumoyo amene ankalipidwa ndi mapulojekiti a bungwe lake la USAID anauzidwa kuti ayambe aima kaye.