Kaunjika si nsanza

Anthu ena akamva mawu akuti kaunjika amaganiza za zovala zakutha. Ayi ndithu. Zakuthazo ndi nsanza, zija timakolopera m'nyumba.

Kaunjika akuchokera ku mawu akuti kuunjika, kuika zinthu pamulu. Belo ya zovala zovalidwapo kale ikafika kuchokera ku Ulaya kapena ku America, wogulitsa amadula zomangira n'kukhuthulira zonse pansi, ogula n'kumafufuza okha. Choncho dzinali likunena za kagulitsidwe kake, osati kutha kwa chovalacho. Anzathu a ku Zambia amati salaula, mawu a Chibemba onena za kusankha pamulu.

Tiyerekeze mayi wa ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu watsikira kumsika wa Zigwagwa, wapeza diresi lalikulu loti iye sangavale, koma nsalu yake ndi yolimba. Pobwerera aima pakhonde pa telala: "Adada, kaunjika uyu mundisokereko masiketi awiri a ana." Apa mawuwa akhala pamalo pake. Telala asomola ulusi, asunga zipi ndi mabatani, adula mwatsopano. Tizidutswa totsala sataya: tina tikhala zigamba pa kabudula wa kusukulu, tina alumikiza n'kukhala chofunda cha mwana, poti kuzizira kwa Mzuzu mu June sikufuna masewera.

Zimandiwawa ndikamva wina akunyoza mnzake kuti wavala kaunjika. Siketi yotuluka pamakina a telala uja nthawi zambiri imakhalitsa kuposa zatsopano zotchipa za m'sitolo.