Chitetezo cha wogula nyumba chimayambira m'kaundula wa malo

Kulipira ndalama zonse ndi kulandira makiyi sikusandutsa munthu mwini nyumba pamaso pa malamulo. Pamalo omwe ali pansi pa lamulo la Registered Land Act la 1967, mwini wake ndi amene dzina lake lalembedwa m'kaundula wa boma. Choncho nthawi yoopsa kwa wogula ndi yapakati pa tsiku losayinirana mgwirizano ndi tsiku losintha dzina m'kaundulamo, ndipo chitetezo chambiri chomwe malamulo amapereka chimakhudza nthawi imeneyi.

Asanatulutse ngakhale tambala, wogula ali ndi ufulu wopempha ofesi ya kaundula ku unduna wa zamalo, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kuti imufufuzire za poloti yomwe pali nyumbayo. Amalipira kangachepe, ndipo zotsatira zake zimaonetsa dzina la mwini, zaka za lizi, komanso ngati nyumbayo ndi chikole cha ngongole kubanki. Chikalata chomwe wogulitsa kapena dobadoba wanyamula m'manja sichingalowe m'malo mwa kafukufukuyu, pakuti chikalata chikhoza kukhala chachinyengo kapena chakale.

Mgwirizano wogulitsana nyumba uyenera kukhala wolembedwa ndi wosayinidwa. Pangano lapakamwa, ngakhale pakhale mboni, limavuta kuliteteza kubwalo lamilandu. Mgwirizano wabwino umatchula nambala ya poloti, mtengo, kalipiridwe, tsiku lopereka nyumba, ndi zomwe zidzachitike ndi ndalama zoyamba ngati malonda alephereka. Mfundo yomalizayi ndiyo ambiri amaiiwala, chonsecho ndi yomwe imabala milandu.

Chida champhamvu chomwe ogula ambiri sachidziwa ndi chiletso chomwe pachingerezi amati caution. Munthu amene wasayina mgwirizano wogula akhoza kukalembetsa chiletsochi m'kaundula, ndipo chikakhalapo, ofesiyo siyilola kuti nyumbayo isinthidwe dzina kapena ipinyolitsidwe motsutsana nacho, pokhapokha wochilembetsa avomere, kapena chichotsedwe motsatira lamulo. Apa ndi pomwe pamagwera mchitidwe wogulitsa nyumba imodzi kwa anthu awiri. Wogula woyamba akangosunga malisiti kunyumba, wachiwiri n'kuthamangira kukalembetsa dzina lake asakudziwa za malonda oyambawo, kawirikawiri woyambayo amangotsala ndi mlandu wofuna ndalama zake kwa munthu amene mwina wazidya kale.

Wogulitsa akasintha maganizo chifukwa wina wamulonjeza mtengo wokwera, khoti lili ndi mphamvu yomulamula kuti amalize malondawo, osati kungobweza ndalama. Chifukwa chake n'chakuti malamulo amaona kuti malo aliwonse ndi apaokha, ndipo ndalama sizingagule ena ofanana nawo ndendende. Komabe khoti limayang'ana ngati wogulayo adakwaniritsa mbali yake komanso ngati sadazengereze kudandaula.

Nyumba zambiri m'mizinda zili pamalo a lizi, kawirikawiri ya zaka 99, yochokera kuboma, kukhonsolo ya mzinda kapena ku Malawi Housing Corporation. Kusintha umwini kumafuna chilolezo cha amene adapereka liziyo, umboni woti msonkho wa khonsolo ndi lendi ya malo zidalipiridwa, ndiponso chikalata cha Malawi Revenue Authority chotsimikiza kuti nkhani ya msonkho ili m'malo. Popeza izi zimatenga nthawi, n'kwanzeru kuti ndalama zisungidwe ndi loya mu akaunti ya makasitomala mpaka zonse zitatheka. Nyumba ikakhala chikole, mgwirizano unene kuti gawo la ndalamazo lipite kubanki mwachindunji kuti chikolecho chimasulidwe.

Nyumba zamasiye zimafuna kusamala kwapadera. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limapereka udindo woyendetsa chumacho kwa munthu amene khoti lamupatsa zikalata. Kukhala mwana woyamba kapena mchimwene wa malemu pakokha si chilolezo chogulitsira.

Pali mbali ina yomwe malamulo sathandiza kwenikweni. Ming'alu, denga lodontha kapena maziko ofooka ndi udindo wa wogula kuziona asanasayine, pokhapokha wogulitsa atanama atafunsidwa kapena atabisa dala vutolo. Wofuna chitsimikizo pa zimenezi achilembetse mu mgwirizano, kapena aitane katswiri wa zomangamanga akayendere nyumbayo. Ngati muli alendi, nawonso awafunse za pangano lomwe ali nalo ndi mwini nyumba.

M'madera osakonzedwa bwino monga Mtandire ku Lilongwe, nyumba zambiri zilibe nambala m'kaundula, ndipo anthu amagulitsana ndi kalata ya mfumu kapena ya atsogoleri a dera. Kalata yotereyi ndi umboni woti ndalama zidaperekedwa, koma palibe kaundula wofufuzamo kapena wolembetsamo chiletso, ndipo nthawi zambiri mabanki sailandira ngati chikole.