Sevu m'masewero a tenisi: kusiyana kwa amuna ndi akazi

Sevu ndi kumenya mpira koyambira pointi iliyonse m'masewero a tenisi. Wosewera amaponya mpira m'mwamba ndi kuumenya kuti udutse pamwamba pa ukonde nukagwere m'kabokosi ka mbali ya mnzake. Bwalo ndi lofanana kwa amuna ndi akazi, ndipo ukonde ndi wotalika masentimita 91.4 pakati pake.

Amuna amamenya sevu yothamanga kwambiri. John Isner wa ku America anafika pa makilomita 253 pa ola mu Davis Cup ya 2016, pomwe Sabine Lisicki wa ku Germany anafika pa makilomita 210.8 ku Stanford mu 2014.

Mphamvu za m'mapewa zimathandiza, koma msinkhu ndi chifukwa china chachikulu. Isner ndi wamtali mamita 2.08, Lisicki mamita 1.78. Wamtali amakumana ndi mpira pamwamba, choncho amaumenya mwamphamvu motsetsereka popanda kuwomba ukonde kapena kupitirira mzere. Wofupikirapo ayenera kuchepetsa liwiro kapena kuuzunguza mpirawo.

Sevu imene mnzake walephera ngakhale kuikhudza imatchedwa ace. Isner anamenya ma ace 113 pokumana ndi Nicolas Mahut ku Wimbledon mu 2010. Kristýna Plíšková anamenya 31 ku Australian Open mu 2016. Kuyerekeza ziwerengerozi nkosocheretsa, pakuti m'mipikisano ya Grand Slam amuna amasewera mpaka maseti asanu, akazi atatu, ndipo masewero a Isner anatenga masiku atatu. Plíšková, ndi ma ace ake onsewo, anagonja kwa Monica Puig.