Python (chinenero cha kompyuta)

Python ndi chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta chimene Guido van Rossum anayamba kupanga ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, kumapeto kwa 1989, n'kuchitulutsa mu 1991.

Ochikonda amati n'chosavuta kuwerenga. Mizere yogwira ntchito imodzi imangolowetsedwa mkati mofanana, popanda zizindikiro zambirimbiri zotsegulira ndi kutsekera, moti wophunzira amatha kutsata zimene mnzake walemba. Zida zopangidwa kale nazonso zilipo zochuluka: NumPy ndi pandas zosanthulira manambala, Django yomangira mawebusayiti.

Otsutsa amadandaula kwambiri za liwiro, ndipo pamenepa sakunama. Ntchito yowerengera manambala mamiliyoni limodzilimodzi imatenga nthawi yaitali mu Python kusiyana ndi m'chinenero cha C, n'chifukwa chake mbali zolemetsa za NumPy zinalembedwa mu C. Vuto lina ndi loti zolakwika zina zimabisala. Wina akaphatikiza mawu "5" ndi nambala 5, palibe chomuchenjeza mpaka pulogalamu itafika pamzere womwewo n'kuima, mwina ntchito ili mkati.

Chimene chinagawanitsa anthu koposa ndi Python 3, yotuluka mu 2008, imene inakana mapulogalamu ambiri akale. Ngakhale lamulo laling'ono la print linasintha kalembedwe. Makampani ambiri anazengereza kusamuka, ndipo Python 2 yakaleyo inapitiriza kusamalidwa mpaka pa 1 Januwale 2020.