Mchinji anaimanga ndi alimi

Pa mapu a nthawi ya atsamunda, boma la Mchinji linkalembedwa kuti Fort Manning, potengera William Manning, msilikali wa ku Britain amene anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Chiyambi chake chinali nkhondo. Mu 1898 asilikali a atsamunda anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, ndipo anafuna poyang'anira dera lonselo: kuno Fort Manning, uko Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata. Koma linga silidyetsa munthu. Chimene chinasunga anthu pamalopa mfuti zitatonthola ndi nthaka ya kumtunda kwa mtsinje wa Bua, yokonda mtedza, chimanga ndi fodya. N'chifukwa chake ndikuti tauniyi anaimanga ndi alimi, ngakhale mbiri yolembedwa imakonda kuyamikira boma.

Wina angatsutse potchula njanji. N'zoona kuti njanji yochokera ku Salima kudzera ku Lilongwe, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Canada, inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo chiyembekezo chinali chakuti katundu wa ku Zambia azidutsa pomwepa popita kudoko. Komatu inaima pomwepo zaka 30. Chigawo chofika ku Chipata chinatsegulidwa mu 2010, ndipo ngakhale apo sitima sizinachuluke. Tauni yodalira siteshoni yotere bwenzi itafa kalekale. Moyo wa Mchinji umaonekera mu Juni, pamene mavenda apachika sikelo zawo m'mbali mwa msewu pa Kamwendo, njinga zikubwera zitapindika ndi matumba a soya, amayi ali pamphasa kuswa mtedza, ndipo wogulitsa malata akuwerenga ndalama zimene sadzazionanso ikafika Januwale.

Mfundo yovuta kuikana ndi ya maesiteti. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, mpaka cha m'ma 1990, lamulo linkapatsa eni maesiteti okha mwayi wolima fodya wa bale, ndipo malo ambiri a ku Mchinji analowa m'manja mwawo. Ndalama zinalipodi zochuluka, koma zinkagwera kuokushoni n'kukathera m'mizinda. Tenanti ankalandira kamodzi pachaka, bwana atadula kale ngongole ya chimanga ndi feteleza, moti zotsalazo sizikanamanga ngakhale golosale. Mlimi wa pamunda wa makolo ake nayenso ankafinyidwa ndi mitengo ya ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, koma iyeyu anali ndi pothawira. Malire a Malawi ndi Zambia a pa Mwami anadula pakati pa abale, Achewa ndi Angoni omwe mpaka lero amasonkhana ku Kulamba ku Mkaika ndi ku Ncwala ku Mtenguleni. Mtengo ukaipa kuno, thumba linkawoloka usiku panjira zachidule. Ukaipa uko, linkabwera. Boma limati uku n'kuzembetsa, ndipo mwalamulo silikunama, koma ndalama za malonda amenewa ndi zomwe zinkatsala m'matumba a anthu a pompano.