Ndani amalipira kafukufuku wa mbewu za mlimi wa kwa Njombwa?

Mbewu ya fodya yomwe mlimi wa kwa mfumu yayikulu Njombwa, m'boma la Kasungu, amafesa pa nazale ndi chipatso cha kafukufuku wa zaka zambiri, ndipo gawo la ndalama zoyendetsera kafukufukuyo limachoka m'thumba mwa mlimi yemweyo.

Bungwe la ARET, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995, limayesa mitundu ya fodya ndi njira zothana ndi matenda ake pogwiritsa ntchito ndalama zomwe zimadulidwa mlimi akagulitsa mabelo ake pa misika monga wa Chinkhoma. Sukulu ya zaulimi ya Mwimba, m'boma lomweli, ndi ya bungweli.

Kafukufuku wa mbewu zina amadalira kwambiri boma ndi mabungwe akunja. Ku Chitedze, ku Lilongwe, ndi komwe kunachokera chimanga cha MH17 ndi MH18 mu 1990, chomwe amayi anachikonda chifukwa chimakonoleka bwino mumtondo ngati chamakolo. Mtedza wa CG7 unatulukanso chaka chomwecho mothandizana ndi bungwe la ICRISAT.

Mfundo zoyamba za dziko lino pa sayansi ndi luso zinatuluka mu 1991 ndipo zinaunikidwanso mu 2002. Lamulo la mu 2003 linakhazikitsa National Commission for Science and Technology, bungwe lolangiza boma ndi kulumikiza ntchito zakafukufuku. Sukulu yaukachenjede ya MUST, ku Thyolo, inatsegulidwa mu 2014, ndipo masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika ulimi wamalonda ndi mafakitale patsogolo.

Mayiko a mu African Union anagwirizana kuti pa K100 iliyonse ya chuma chomwe dziko lapanga pachaka, K1 izipita ku kafukufuku, koma ambiri mwa iwo sanafikepo pamlingowu.

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa mlimi wa kwa Njombwa. Pomwe mayiko ambiri akulimbana ndi kusuta, iye akulimbikitsidwa kulima soya, mtedza ndi mpendadzuwa. Mbewuzi zimafuna mitundu yopirira ku chilala ndi matenda, komanso njira zopewera chuku chomwe chimatsekereza mtedza kumisika ya ku Ulaya. Fodya amalipira kafukufuku wake chaka ndi chaka. Ngati mbewu zolowa m'malo mwake sizipeza thumba lodalirika lotere, mlimiyo adzasiya fodya n'kulowa m'munda wopanda womuunikira njira.