Singapore ndi Chilango cha Imfa pa Mankhwala Ozunguza Bongo

M'masiku amene Angelezi ankalamulira Singapore, boma lenilenilo, limene linayenera kukhala mbusa wa anthu, linkadzaza mosungira chuma chake ndi msonkho wa mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium, amene amphawi a ku China onyamula katundu padoko ankasuta pofuna kuiwala kuwawa kwa msana; ndipo malondawo sanaletsedwe konse kufikira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Dzikolo litadzilamulira, linakhazikitsa lamulo lokhwima loletsa mankhwala ozunguza bongo mu 1973, ndipo mu 1975 linaonjezapo chilango cha imfa kwa wozembetsa heroin woposa magalamu 15, kaya mbadwa kaya mlendo. Kakhadi kamene mlendo ankalembapo dzina lake potsika ndege kanali ndi chenjezo limeneli m'zilembo zofiira, kuti pasakhale wonena kuti sanamve.